A Sikelo ndi Benchi Yakumbuyo

Ana a sukulu ndi oipa pakamwa, koma akakupatsa dzina salakwitsa. Aphunzitsi a kalasi yomaliza ya pulayimale pa sukulu ina anawatcha a Sikelo, ndipo dzinalo linawamatirira moti ngakhale makolo ankafika ku ofesi n'kufunsa ngati a Sikelo alipo. Eni ake ankachita ngati sakumva, koma m'kati ankalinyadira. Pa zaka zonse zimene anagwira choko panalibe kholo limene likanaimirira n'kunena kuti munthuyu anakonderapo. Mwana wa mwini golosale ndi mwana wa mlonda ankalandira chilango chimodzimodzi, ndipo nkhuku ikabwera kunyumba kwawo mayeso atayandikira, inkabwerera ili m'khwapa mwa mwini wake.

Koma chaka china a Sikelo anasowa mtendere. Mwana wawo womaliza, mtsikana amene pakhomo ankangomuti Mzime, anali atalowa m'kalasi mwawo, ndipo anali kulephera. Osati kutsika pang'ono ayi, kugwa chagada. Mwana amene chiyambire sukulu sanachokepo m'gulu la okhoza bwino tsopano ankapikisana ndi anyamata ogona m'kalasi. Mayeso opitira ku sekondale anali kubwera, ndipo mayeso amenewo sadziwa kuti uyu ndi mwana wa yani. A Sikelo ankadzuka nayo nkhaniyi, kupita nayo kuntchito, n'kubwerera nayo ili phwii pamtima.

Kuti mumvetse mmene munthu wanzeru zake anafikira pamenepa, muyenera kudziwa kumene anachokera. Bambo awo anali mphunzitsi wamkulu, munthu wamtali wa jekete limodzi, amene ankasamutsidwa sukulu ndi sukulu, banja lonse pa lole pamodzi ndi mipando, mabuku ndi mbuzi. Mayi awo sanapite patali ndi sukulu, koma ndi amene ankasita jekete lija ndi kuthamangitsa ana kuti asachedwe belu. A Sikelo ali mnyamata anaphunzitsidwa ndi bambo awo chaka chimodzi, ndipo chaka chimenecho anaposa anzawo onse. Tsiku lotsekera sukulu, makolo atadzaza pabwalo, mayi wina analankhula mokweza mwadala kuti mwana wa mphunzitsi alephera bwanji, pomwe mafunso amagona nawo nyumba imodzi. Bambowo anamva. Poitana mayina anayambira pa wachiwiri n'kumutcha woyamba, ndipo mwana wawo sanamutchule n'komwe. Madzulo anangomuuza kuti dzina la mphunzitsi lili ngati malaya oyera, kadontho kamodzi kamaonekera patali.

Mnyamata uja analira kuseri kwa nyumba mpaka maso kutupa. Wina akanalumbira pomwepo kuti wake mwana sadzaona zoterezi. Koma a Sikelo anatolapo phunziro lina, loti pakamwa pa anthu m'poopsa, ndipo phunziro limeneli analisunga kuposa onse amene anawapatsa ku koleji ya aphunzitsi.

Sukulu yawo yoyamba inali kutali, kumene basi inkafika ikafuna. Ana anali ochuluka moti ena ankakhala pa mawindo, ndipo bolodi linali lothothoka, ankachita kulidetsa okha ndi makala osinja. Kumeneko n'kumene anakumana ndi mkazi wawo, telala wa pakhonde la sitolo, tsiku limene thalauza lawo linang'ambika kumbuyo akutola choko pansi. Mayiwo mpaka lero amati anayamba kuona chigamba, nkhope anaiona pambuyo. Kuchoka kumeneko anayenda masukulu angapo, mpaka anafika pa sukulu ya m'tauni imene anakhazikikapo. Anawapemphapo kuti akhale mphunzitsi wamkulu, iwo anakana, ati mu ofesi mulibe ana. Chimene ankadziwa ndi kuima kutsogolo, kulemba pa bolodi uku akuwerenga mokweza zimene akulembazo, dzanja ndi pakamwa kuyendera limodzi. Ana amene anadutsa m'manja mwawo anali paliponse, m'mabanki, m'zipatala, ena pa njinga zonyamula anthu, ndipo onse akakumana nawo ankavula chipewa.

Ana awo awiri akuluakulu anawazemba bwinobwino, chifukwa nthawi imeneyo kalasi yomaliza inali ndi magawo awiri, ndipo ankawatumiza kwa mphunzitsi winayo. Koma chaka cha Mzime mphunzitsi uja anapuma pantchito, wolowa m'malo osabwera. Ahedi, mayi wachangu wosakonda kudandaula, analamula kuti achotse matabwa amene ankagawa chipinda pakati. Magawo awiri aja anasanduka kalasi imodzi yaitali ngati tchalitchi, ndipo a Sikelo anasowa kothawira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti sukulu itsegulidwe anamuitana mwanayo pakhonde.

"Ukalowa pa geti la sukulu, ine si bambo ako. Ukalowa pakhomo pano, ine si mphunzitsi wako. Za kusukulu zizithera kusukulu, za kunyumba zizithera kunyumba. Wamva?"

Mzime anati wamva. Anali mwana wofatsa, wa thupi laling'ono, wosazolowera kufunsa kawiri.

Aphunzitsi onse am'mbuyomo ankamukhazika kutsogolo, poti ndi wamfupi komanso ndi mwana wa mnzawo. A Sikelo anamutengera ku benchi yakumbuyo kwenikweni, pakona, pansi pa msomali wopachikapo matsache. Masabata oyamba mwanayo ankakweza dzanja akamva funso, koma bambo ake ankaloza wina, ngakhale dzanja lokwera litakhala lake lokhalo. Kenaka analeka kukweza. Maso a aphunzitsi anaphunzira kudumpha kona imeneyo ngati mmene phazi limadumphira dzenje la panjira yozolowera. Pa mayeso a kumapeto kwa sabata, mafunso ankawalemba pa bolodi ali duu, ndipo poyendera ana ankabwerera pakati pa kalasi, kuopa kuti wina angati apita kukanong'oneza mayankho. M'mawa Mzime ankatsogola, iwo n'kutsatira patali. Madzulo iwo ankakhala pakhonde ndi wailesi, mwanayo ali kukhitchini kapena pafupi ndi makina a mayi ake. Ntchito ya kusukulu akaitenga, bambo ake sankaiyang'ana ngakhale ndi diso limodzi. Zonsezi a Sikelo ankazitcha chilungamo, ndipo ankagona ndi mtima woyera.

Mtima woyerawo sunakhalitse. Pochonga mayeso ankapeza kuti Mzime wayankha zinthu zimene sanafunsidwe. Funso likunena za mitsinje, iye walemba za mapiri. Masamu ankawayendetsa bwino ndithu, koma ndi manambala amene a Sikelo sanawalembepo. Akanakhala mwana wa munthu wina, ndikukuuzani, akanamuitana tsiku lomwelo n'kumufunsa bwinobwino, ndipo dzuwa lisanalowe akanadziwa vuto. Ndi angati amene anawatulukira kuti samva khutu limodzi, kapena kuti amabwera ndi njala? Koma uyu anali wawo, ndipo kumuitana yekha kukanaoneka ngati kukondera. Ankangolemba mtanda wofiira n'kupita pa pepala lotsatira.

Maganizo ndiye anawadya. Tsiku lina ankati ndi mwano, mwanayo akubwezera chifukwa chomuika kumbuyo. Tsiku lina ankati ndi anyamata, poti msinkhu wake unali womwewo, ndipo ankapezeka akuyang'anitsitsa mnyamata aliyense wa ndevu zoyamba ngati wakuba. Tsiku lina ankaopa zoopsa kuposa pamenepo, kuti mwina mutu wa mwanayo wayamba kusokonekera, monga zinachitikira ndi msuweni wawo wina amene anali wanzeru kwambiri. Chakudya chinasiya kutsika. Lamba anabooletsa bowo lina.

Mkazi wawo anafunsa mwanayo kangapo, koma yankho linali lakuti palibe, mutu wokha ndi umene umawawa akaweruka. Anamugulira mankhwala a mutu. Kenaka mayiwo anatembenukira kwa amuna awo, n'kuwauza kuti akhale naye pansi mwana wawo ngati bambo. A Sikelo anayankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ngati ali ndi vuto anena yekha. Mayiwo anaimitsa makina. Anati anthu amati khoswe wa pamkhate sapheka poopa kuswa mkhate, koma iwo aswa mkhate dala pomwe khoswe palibe, n'cholinga choti anthu odutsa awaombere m'manja. Anafunsanso ngati dzina loyeralo lidzawaphikira phala akadzakalamba. A Sikelo anatenga wailesi yawo n'kutuluka.

Ku chipinda cha aphunzitsi nakonso kunali moto. Anzawo ankaseka kuti kalipentala weniweni amakhala pansi, mipando yonse anagulitsa. Ankanena mocheza, koma a Sikelo tiyi ankamumwa ngati mankhwala. Ahedi anawatengera pambali n'kufunsa ngati angalole kuti iwo alankhule naye mtsikanayo. A Sikelo anathokoza mwaulemu n'kukana, ati m'kalasimo muli ana ena olephera, nanga onsewo ahedi awaitana? Potuluka mu ofesimo anadzida okha, koma mawu anali atatuluka kale.

Chimene chinawathyola nkhongono chinachitika Loweruka lina masana. Akuchokera kokonzetsa nsapato, anaona Mzime tsidya lina la msewu, atatumidwa ulusi ndi mayi ake. Apa sipanali pasukulu, sipanalinso pakhomo, ndiye a Sikelo anaona kuti lamulo lawo silikufikapo. Anaima, anakweza dzanja, anamwetulira kumene, chinthu chimene mwanayo anali asanachione kwa miyezi. Mzime anatembenuza nkhope n'kuyang'ana kumene iwo anali, ndendende, kenaka anapitiriza ulendo wake osasintha ngakhale phazi. Dzanja lija linatsala m'mwamba mpaka wogulitsa nthochi pafupi anayamba kuwayang'ana. A Sikelo analitsitsa. Anati basi, mwana uja wandida, ndipo anadziwa bwino mmene chidani chotere chimayambira, poti iwonso analirapo kuseri kwa nyumba. Anafika pakhomo, anamupeza akuthandiza mayi ake kupinda nsalu, ndipo mwanayo anawalonjera mwaulemu ngati palibe chachitika. Ulemu umenewo unawaopsa kuposa mwano.

Mayeso atayandikira, a Sikelo anawonjezera maphunziro a m'mamawa ndi a masana, kukuwa kuti mawu afike kumapeto kwa chipinda chachitali chija. Fumbi la choko, chimfine ndi kukuwako zinagwirizana, ndipo tsiku lina anadzuka mawu atapita. Ankati akayasamula kunkangotuluka mpweya. Mkazi wawo anati agone, iwo anavala jekete. Mphunzitsi wa kalasi ya mayeso sadwala nyengo imeneyo.

Analowa m'kalasi, ana anaimirira n'kupereka moni, iwo anangogwedeza dzanja kuti akhale. Anatenga choko n'kulemba pamwamba pa bolodi kuti lero mawu a aphunzitsi apita ku tchuthi, wolongolola awalipirira basi yobwerera. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Poti pakamwa panalibe ntchito, maso a a Sikelo anayenda momasuka tsiku limenelo, mpaka anakafika pakona ya matsache. Mzime sanali kuseka. Anayang'ana mnzake wa kumanja, anayang'ana a kutsogolo, ndipo ataona kuti onse akuseka, nayenso anatsegula pakamwa n'kuseka, mochedwa, anzake akumaliza.

A Sikelo anaima kaye choko chili m'manja. Kenaka analemba mafunso bolodi lonse n'kukakhala pa mpando wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho anamuyang'anitsitsa mwana wawo. Mitu yonse inali ikukwera ndi kutsika, kuona pa bolodi, kulemba, kuona, kulemba. Mzime anasuzumira kutsogolo, khosi tasa, maso atawafinya mpaka kutsala timing'alu. Anakoka khungu la pakona ya diso ndi chala. Anayesa kuba ndi diso pa pepala la mnzake, mnzakeyo anaphimba ndi mkono, poti m'kalasi ya a Sikelo kuonera unali mlandu waukulu. Ndiye Mzime anangogwira pensulo n'kukhala, misozi ikugwera pa pepala loyera.

Mtunda wochoka pa tebulo la aphunzitsi kukafika ku benchi ija a Sikelo anali asanauyendepo. Anauyenda tsiku limenelo, ana akutembenuka mmodzimmodzi. Atafika anawerama n'kufunsa ndi kampweya kamene kanatsala kuti bwanji sakulemba.

"Sindikuona, aphunzitsi."

Anafunsa kuti chiyambire liti.

"Chiyambire tsiku munandiika kuno. Mukamawerenga ndimalemba zimene ndamva. Mukakhala chete ndimangoganizira."

A Sikelo anatsitsa mutu kufika pa msinkhu wa mwanayo n'kuyang'ana ku bolodi. Zilembo zawo zinali kuoneka bwinobwino, chilichonse pamalo pake. Anakoka mpweya n'kufunsa funso limene linali kuwatentha, loti nanga osanena bwanji nthawi yonseyi.

Mzime anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Sanayankhe mokwiya, anayankha ngati mwana amene akufunadi kuuzidwa yankho lolondola.

"Ndikananenera kuti? Kuno mukanandisuntha, anthu akanati mwakondera mwana wanu. Kunyumba munati za kusukulu tisamanene."

A Sikelo anatenga chikwama cha mwanayo, anamugwira dzanja, n'kuyenda naye pakati pa mabenchi mpaka pakhomo. Kunong'onezana kunayamba ndithu, kuja anakhala akukuopa moyo wawo wonse. Kunamveka ngati mphepo m'masamba, ndipo asanafike n'komwe pa chitseko kunali kutatha, ana abwerera ku mafunso awo. Ahedi atawaona awiriwo pa khomo la ofesi, sanafunse zambiri. Anatenga choko n'kupita okha kukakhala ndi kalasi.

Ku chipatala cha maso anapeza mzere wautali, okalamba a ndodo ndi amayi a ana kumbuyo. Anakhala pa benchi, mwanayo kuno, iwo uko, chikwama pakati. A Sikelo mtima unali m'mwamba. Ankawerengera mumtima miyezi imene yatayika, zimene anaphunzitsa pa bolodi osaziwerenga, mapu, zojambula, masamu aatali. Ankaopa kuti adokotala anena kuti mwachedwa, maso anaonongeka chifukwa chofinyafinya. Ankaopanso kuti ngakhale maso akonzeke, nthawi yotsala siikwana, ndipo mwana amene akanapita ku sekondale yabwino adzabwereza kalasi chifukwa cha bambo ake omubereka.

Adokotala anali mayi wachitsikana wolankhula mosazungulira. Anamukhazika Mzime pa mpando, anamuonetsa zilembo za pakhoma, ndipo mwanayo anatchula chachikulu cha pamwamba chokha, nachonso mokayika. Adokotala anapukusa mutu n'kutembenukira kwa bamboyo, amene anali ataima chakukhomo atagwira chikwama. Anati inu makolo mwina simungadziwe, koma kodi aphunzitsi ake kusukulu amayang'ana kuti? Mwana wotere amaonekeratu sabata yoyamba.

A Sikelo anatsegula pakamwa, kunatuluka mpweya wokha. Anayankha ndi Mzime.

"Aphunzitsi athu ali ndi ana ambiri."

Adokotala anati ngakhale zili choncho, n'kupitiriza ntchito yawo. Anayeza, anawalitsa kanyali m'maso, kenaka ananena kuti maso ndi abwinobwino, sanaonongeke, akungofuna magalasi basi. Anafotokoza kuti chilichonse chimene chili pafupi, poti mwanayo angachikhudze atatambasula mkono, amachiona bwino kuposa ife tonse. Kupitirira pamenepo ndi nkhungu yokhayokha, munthu amangomuzindikira ndi mawu kapena mayendedwe. A Sikelo anatsamira khoma, mtima utakhala pansi.

Kenaka adokotala anamuveka chimango cholemera choyesera, n'kumalowetsamo timagalasi, kuchotsa aka, kuika ako. Mwadzidzidzi Mzime anawongoka pa mpando. Anawerenga mzere woyamba, wachiwiri, mpaka tizilembo ta pansi penipeni, mothamanga ngati wina amulanda. Anayang'ana pa windo, kumene kunali mtengo, ndipo anaseka yekha poona kuti masamba ake ndi osiyana, lililonse palokha. Atatero anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake kukhomo kuja. Anawayang'ana nthawi yaitali, kuseka kuja kukuchoka pang'onopang'ono.

"Ababa, kani muli ndi imvi?"

Adokotala anaseka, ati ana a masiku ano alibe mantha. A Sikelo sanaseke. Imvi zimenezo sizinali za dzulo kapena dzana, zinali zitadzaza mutu wonse, ndipo munthu wina aliyense pakhomo ndi pasukulu ankazidziwa. Adokotala anali atangonena kumene kuti chimene chili pa mtunda wa mkono, mwanayo amachiona bwino. A Sikelo anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anakhala pafupi chotero ndi mwana wawo, maso ndi maso, ndipo sanalipeze.

Anaika chikwama pansi, anayenda mpaka pa mpando paja, nagwada pa simenti ndi thalauza lawo la kuntchito. Mzime anavula chimango chija n'kuchipereka kwa adokotala, poti apa sichinali kufunikanso, ndipo anayamba kuwaona bambo ake bwinobwino.